Ulendo wa pa 1 Okutobala: tikangosiya zitenje kwa agogo, kapena tichite zina?

Mlembi wa Gulu: Mwaswera bwanji nonse akummawa okhala muno mu Lusaka? Monga tinagwirizana pa msonkhano wathu wa ku Kabwata, pa 1 Okutobala, tsiku lokumbukira okalamba pa dziko lonse, tikacheza ku nyumba imodzi yosungira nkhalamba. Dzina la nyumbayo ndilitchula eni ake akatiyankha kalata. Komiti yaganiza zotere: agogo aakazi aliyense chitenje, agogo aamuna bulangete, masana mpunga wa nkhuku, kwaya iimbe, kenaka zithunzi. Amene ali ndi mawu alankhule tsopano, Loweruka tikukagula katundu ku Kamwala.

Nabanda Msungichuma: Zopereka zikulowa bwino, Ambuye akudalitseni. Koma a ku Kanyama ndi a ku Mandevu mwagona tulo, sindinaone ngakhale ngwee yanu.

Mwana wa ku Katete: Pepani makolo anga, ndine mwana pagulu pano, koma ndiloleni ndiponyepo mawu poti ntchito imene ndimadyera ndi yomweyi. Ndimasamalira okalamba pa nyumba ina muno m'tauni. Maphwando otere ndimawaona kawirikawiri, makamaka pa Khirisimasi. Tsiku limenelo agogo timawadzutsa kusanache kuti asambe, n'kuwandandalika pakhonde ngati matumba a chimanga odikira lole. Alendo anati afika m'mawa, akufika dzuwa lili paliwombo. Sipika ikulira, kwaya ikuimba, wapampando alankhula, wachiwiri wake alankhulanso, mafoni m'mwamba kujambula. Palibe amene wakhala pansi n'kufunsa agogo mmodzi dzina lawo kapena kwawo. Basi ikangotuluka pageti, zotsalazo zimakhala zathu. Ena usiku umenewo sagona, ena mawa lake akana phala, ena amangokufunsa kuti anthu aja abweranso liti, iwe ulibe chowayankha. Sindikunena kuti musapite ayi. Ndikungofunsa kuti kodi ndalama ndi mphamvu zimenezi sitingazigawe kuti zifike mpaka chaka chamawa?

Nabanda Msungichuma: Iwe mwanawe, ndiye tileke kuchita zabwino poopa kuti agogo adzatisowa? Munthu ukam'patsa nkhuku tsiku limodzi wam'chimwira?

Mwana wa ku Katete: Ayi amayi, simunam'chimwire. Nkhukuyo adya ndipo akondwa. Ine ndikukamba za masiku ena onse aja, kulibe nkhuku, kulibe kwaya, kuli TV yokha imene timayatsa m'mawa kuti izilankhula yokha mpaka magetsi atazima.

Malume a ku Matero: Ine nkhani yonseyi ikundiwawa kuyambira pa tsinde. Kwathu ku Chadiza munamvapo kuti kuli nyumba yosiyako nkhalamba? Agogo ankakhala pakhomo, adzukulu m'mbali, madzulo nthano pamoto. Panalibe wofunsa kuti agogo tiwasangalatse bwanji, agogowo ndiwo ankatisangalatsa ife. Ndikamadutsa pa Matero After Care Centre mtima umandiuza kuti ife ana tinasokera penapake. Tikukambirana za zitenje m'malo mofunsa kuti abale a anthuwa ali kuti.

Wa ku Kalingalinga: Amalume, mawu anu andilasa, chifukwa atate anga ali ku nyumba yotero. Sitinawataye. Anadwala sitiroko, mbali yakumanja inafa, sangadzuke okha kupita kuchimbudzi. Ine ndimachoka pakhomo kusanache, mkazi wanga amagulitsa ku msika wa Soweto, nyumba ndi ya lendi ya zipinda ziwiri, chimbudzi chili panja chogawana ndi mabanja ena. Tinkawatsekera m'nyumba ndi botolo la madzi ndi chidebe mpaka madzulo. Kumeneko ndiko kusunga kholo kumene mukunena?

Malume a ku Matero: Sindinalinge iwe mphwanga. Koma mawu anga sindiwabweza onse.

Asisita Opuma: Ana anga, za amene analakwa tizisiye kaye. Nyumba zimenezi m'dziko muno n'zowerengeka. Za boma ndi monga Maramba ku Livingstone ndi Chibolya ku Mufulira, kuwonjezera pa malo a ku Matero amene atchula amalumewo. Zina n'za mipingo: Mitanda ku Ndola ndi ya a Salvation Army, Divine Providence ku Chawama ndi ya masisitere a Katolika. Ambiri amene amathera m'nyumbazi alibe n'komwe wowasunga. Ena ana awo onse anatha m'zaka za Edzi zija. Ena anabwera kalekale kuchokera kumaiko oyandikana nafe kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, njira ya kwawo inamera udzu.

Ndipo kusungulumwa kumene tikukamba kuliko ngakhale m'makomo mwathu. Ndinaonapo agogo m'nyumba yodzaza anthu, koma kuyambira m'mawa mpaka usiku mawu okha amene auzidwa ndi akuti idyani, ndi akuti imwani mankhwala.

Tsono pa za mwana wa ku Katete, wanena zoona. Taganizani zimene munthu amataya tsiku lolowa m'nyumba yosungira okalamba: khomo lake, anansi ake, mpingo wake, mbaula yake. Nthawi yodzuka amuuza ena, ndiwo amusankhira ena, ngakhale malo okhala pakhonde amuikapo ena. Mayi amene waphikira anthu moyo wake wonse akuuzidwa kuti asayandikire kukhitchini angapse. Ndiye inu mukabwera kudzamuimbira, mwangowonjezera chinthu chinanso chimene ena akum'chitira iye atapinda manja. Mtima wa munthu wamkulu umatsitsimuka pamene wina akum'funa pa kanthu, kaya kakhale kakang'ono bwanji.

Wa ku Kalingalinga: Asisita mwakhudza penipeni. Atate anga anali makanika ku kampani ya mabasi ya UBZ mabasi aja asanathe. Kumene aliko kumabwera atsikana ena achifundo ndithu, amawakhazika pabwalo n'kumaponyerana mpira wopepuka uku akuimba. Atate anaukankha mpirawo ndi dzanja lamoyo lija, amvekere ine si mwana wa ku nazale. Kuchokera pamenepo ankati ndi nkhalamba yovuta. Anasiya kutuluka m'chipinda, nsima ankangoitsina kawiri n'kuikankha, ine ndikapita amangoyang'ana khoma.

Chimene chinawadzutsa n'chinthu chimene palibe anachikonza. Mnyamata wosamalira pabwalo ankalimbana ndi njinga ya olumala imene tayala lake linkakhota, ali pafupi ndi zenera lawo. Atate anamuyang'ana, anamuyang'ana, kenaka anakuwa kuti iwe, ukuwononga, bwera nacho kuno. Lilime lawo ndi lolemera chifukwa cha matenda aja, koma mnyamatayo anamva. Anamuuza pomasula, pothira girisi, pomanga. Lero chilichonse chikawonongeka pamalopo, loko, mpopi, wilibala, amabwera nacho kwa iwo, iwo amalamula, mnyamata amagwira sipanala. Amam'kalipira ndithu, koma mbale ya nsima imabwerera yopanda kanthu. Mwendo sunachire, dzanja silinachire, koma ndikapita ndimapeza atate anga.

Nabanda Msungichuma: Mwandiliza bambo inu.

Wophunzira wa ku Ridgeway: Zimene akufotokoza akulu angawa zinafufuzidwapo. Mu 1976 akatswiri awiri, Ellen Langer ndi Judith Rodin, anayesa pa nyumba ina ya okalamba ku Connecticut, ku America. Gulu lina analiuza kuti zinthu zambiri muzisankha nokha: aliyense anasankha kambewu ka m'chitini koti azikathirira yekha, anasankhanso tsiku loonera filimu. Gulu lina linapatsidwa mbewu zomwezo koma othirira anali anamwino, ndipo tsiku la filimu anachita kuuzidwa. Patapita milungu itatu, osankha okha aja ndiwo anapezeka osangalala ndi ochangamuka kuposa anzawo. Anthu ake anali ochepa, osakwana 100, choncho tisatenge ngati lamulo, koma zikugwirizana ndi za sipanala zija.

Mu 2023 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa okalamba anayi amakhala wosungulumwa kapena wotalikirana ndi anthu, ndipo pafupifupi 14 mwa anthu 100 a zaka 60 kupita m'tsogolo ali ndi vuto lina la m'maganizo. Lofala kwambiri ndi matenda ovutika maganizo ndi nkhawa.

Malume a ku Matero: Mpaka ku America kukaphunzira kuti nkhalamba imafuna dimba lake? Mukanandifunsa ine ndikanakuuzani ulere.

Wophunzira wa ku Ridgeway: Amalume, ndiye tiuzeni zina za ulerezo, mayeso ali pafupi.

Malume a ku Matero: Lemba. Mwamuna wa msinkhu wanga safuna kuomba m'manja pamzere. M'patseni nsolo ndi mnzake woti akangane naye. M'patseni wailesi ya mabatire, osati TV ya mafilimu a ku Nigeria, amvere Radio 1 nthawi ya Chinyanja, amve nkhani, amve za maliro ndi za mvula kwawo. M'funseni kumene anali pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia inalandira ufulu, kapena mmene Dennis Liwewe ankaulutsira mpira, muone ngati simuchedwa basi yobwerera. Wina amene anali chete chaka chonse adzakutsutsani kuti chigoli chija sanamwetse uje, anamwetsa uje. Kukangana kumeneko ndiye moyo wake.

Mlamu Wanu wa ku Kasama: Ine mkamwini wanu ndangoti ndione mmene mukuvutikira. Nkhalamba zakummawa n'zosavuta, muzitengere mbewa zowamba basi, matenda onse atha.

Naphiri wa ku Bauleni: Taonani wadya anyani uyu walowa. Ndani anam'tsegulira chitseko?

Mwana wa ku Katete: Musaseke, chimbuya chimenechi, kunyozana kwa nthabwala kwa ife akummawa ndi Abemba, ndi mankhwala enieni. Kuntchito kwathu kuli madala awiri, wina wa ku Chipata wina wa ku Mporokoso. M'mawa uliwonse amayamba ndi kunyozana, wina mbewa wina anyani, wina akuti ndidzakuika m'manda ndine, wina akuti ufa woti udzandipake pamaliro ugule wekha. Alendo amaganiza kuti akumenyana. Tsiku lina wa ku Mporokoso anagonekedwa kuchipatala, mnzake uja anasiya kudya mpaka anabwerako. Pa ndandanda ya zochita imene ili pakhoma palibe polemba kuti kunyozana, koma ndi chimene chikuwasunga awiriwo. Woyang'anira wina watsopano anafuna kuwasiyanitsa zipinda kuti kukhale bata, tinachita kum'pempha.

Mkulu wa Mpingo ku Chilenje: Abale, zonsezi n'zabwino, koma tisaiwale kuti chimene chimatonthoza munthu amene ali kumapeto a ulendo ndi mawu a Mulungu. Kwaya isachotsedwe. Nkhalamba imene yaiwala dzina la mwana wake imaimba nyimbo ya m'buku ndime zonse osaphonya. Ndaziona ndi maso anga tikamakapereka mgonero kwa odwala.

Asisita Opuma: Abambo, pa nyimbo sindikutsutsani. Nyimbo zimene munthu anaphunzira ali mwana zimakhalitsa m'mutu ngakhale zina zitafufutika, ndipo zimakhazika mtima pansi. Koma pali kuwaimbira, pali kuimba nawo. Kwaya yanu ya achinyamata imabwera ndi kiyibodi ndi nyimbo zatsopano zothamanga, agogo amangoyang'ana. Tumizani amayi atatu a Chigwirizano, akhale pamphasa, afunse kuti ambuya, tiimbe iti? Agogowo ayambitse okha, ngakhale mawu akunjenjemera.

Mwana wa ku Katete: Ndiwonjezere pang'ono abambo, musakhumudwe. Si onse a mpingo umodzi. Tili ndi Akatolika ofuna korona wawo, a Sabata, a Mboni amene salowa mapemphero a ena, ndi agogo amodzi Achisilamu amene chimene amapempha n'chakuti wina aziwauza nthawi ya swala. Tilinso ndi mdala wina wa ku Kagoro amene kwaya ikabwera amapempha kuti tim'bwezere kuchipinda. Tinkati ndi wamwano. Mu Ogasiti TV inaonetsa Kulamba ku Mkaika, gule atatulukira mdala uja anadzuka pampando, mapewa akugwedezeka, n'kuyamba kutiuza mayina a zilombo chimodzichimodzi. Anatilankhula tsiku limenelo kuposa miyezi yonse ya m'mbuyo.

Mkulu wa Mpingo ku Chilenje: Za gule ine sindingavomereze kuti gulu lathu lipite nazo. Koma zoti munthu asakakamizidwe kukhala pa mapemphero, pamenepo ndavomera.

Naphiri wa ku Bauleni: Ndasiya nthabwala, ndikambe zanga. Amayi anga ali ndi matenda oiwalaiwala, ndikuwasunga pakhomo. Chimene ndikufuna mudziwe musanapite ndi chikhamu n'chakuti kwa munthu wotere anthu ambiri ndi phokoso n'zoopsa. Pa chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga tinati tiwatenge asangalale. Ng'oma zitayamba anagwira chikwama chawo n'kuyamba kulira kuti asilikali abwera, tiyeni tithawe. Usiku wonse sanagone.

Koma muwaikire lichero la nsawa pamiyendo. Amasenda mwakachetechete, akusankha zowola, akuimba nyimbo za pamtondo zimene ine sindinazimvepo. Kapena muwapatse chiwawa, masamba a maungu aja, asadzule. Zala zimakumbuka. Ndikawafunsa kuti ine ndine yani amasokonezeka n'kukwiya, ndiye ndinaleka kuwafunsa. Akanditcha dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kale, ndimangoyankha. Ovuta ndi madzulo dzuwa likamalowa, amafuna kupita kwawo ku Sinda kukatsekera mbuzi. Ndimati tiyeni, timayenda mpaka pa mpopi n'kubwerera, ndimawauza kuti mbuzi zalowa, mtima umakhala pansi.

Usiku wina anatuluka osavala bwino ine ndili m'tulo. Anawapeza anthu ku mzere wina wa nyumba, ndipo mukudziwa zimene anthu a m'komboni amaganiza akaona nkhalamba panja usiku. Mwayi wake mayi wina wa kumpingo anawazindikira miyala isanayambe.

Wophunzira wa ku Ridgeway: Pepani kwambiri amayi. Anthu ambiri sadziwa kuti lamulo la dziko lino la Witchcraft Act limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndi mlandu. Koma pa nthawi ya chipwirikiti palibe amakumbuka lamulo, n'chifukwa chake ndi bwino anansi ndi apampando a m'dera adziwiretu kuti amayiwo akudwala.

Kwa odwala matenda oiwalaiwala amene sanafike poipa kwambiri, pali njira ina yotchedwa CST imene inayambira ku London. Ndi kagulu ka anthu asanu mpaka asanu ndi atatu, kukumana kawiri pa mlungu kwa milungu 7, nthawi iliyonse mphindi 45. Amakambirana za zakudya, za ubwana wawo, za mitengo ya zinthu, amaimba, amagwira zinthu zakale n'kumazifotokoza. Mfundo yake ndi kufunsa maganizo a munthu, osati kumuyesa mayeso. Simufunsa kuti lero ndi lachingati, mumafunsa kuti nsima ya mgaiwa ndi yoyera yokoma ndi iti. Anaisintha kuti igwirizane ndi kuno kwathu ndipo anaiyesa ku Hai, m'dera la Kilimanjaro ku Tanzania, komanso ku Nigeria. Sifuna makina, ifuna anthu osajomba.

Asisita Opuma: Naphiri mwana wanga, zoyenda nawo mpaka pa mpopi zija ukuchita bwino kuposa mankhwala ogonetsa. Ikanso kabelu kapena zitini pachitseko usiku.

Pali china chimene ndikufuna gulu limve, chifukwa tikangokamba za nsolo ndi nyimbo tiganiza kuti nkhalamba iliyonse yokhala chete ikusowa macheza. Ayi. Musanati agogo safuna anthu, yang'anani thupi. Ambiri samva bwino. Munthu wosamva akakhala pagulu amangoona milomo ikuyenda, ena akuseka iye osadziwa choseketsa, mapeto ake amadzipatula. Nthawi zina ndi litsiro louma chabe lotseka m'khutu, la kukiliniki kokha. Ena ndi ng'ala m'maso, imene madokotala amachotsa munthu n'kuonanso. Ena mano akuwawa kapena atha, ndiye nyama ya phwando lanulo aiyang'ana chabe. Ena akuopa kukhala pagulu chifukwa mkodzo sukugwirika, akuchita manyazi ndi fungo. Mawondo ndi msana osanena.

Kenaka pali matenda enieni ovutika maganizo. Si ukalamba, ndi matenda, ndipo amachizika. Mukaona munthu kwa milungu iwiri kapena kuposa sakufuna chilichonse ngakhale zimene ankakonda, sakudya, akudzuka pakati pa usiku osagonanso, akunena kuti ndine katundu, bola ndife, musayankhe kuti agogo musatero n'kuyambitsa korasi. Uzani woyang'anira, munthuyo aonedwe ndi achipatala. Pali mafunso 15 oyankha inde kapena ayi amene anakonzedwera okalamba, namwino angathe kuwafunsa pa mphindi zochepa. Ndipo kutchula Chainama, chipatala cha matenda a m'maganizo, si kutukwana, kuli anthu amene anaphunzira ntchito imeneyi. Koma munthu amene dzulo anali bwino lero wasokonezeka mwadzidzidzi, sakudziwa pamene ali, ameneyo musadikire milungu iwiri. Kawirikawiri ndi matenda a m'njira ya mkodzo, chibayo, malungo, shuga, kuchepa kwa madzi m'thupi, kapena mankhwala amene wangoyamba kumwa. Ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Ndi kutentha kwa Okutobala kukubweraku, okalamba samva ludzu msanga, muziwapatsa madzi osadikira kuti apemphe.

Nabanda Msungichuma: Ndamva zonse, koma inenso mundimve. Mukukamba ngati katundu alibe ntchito. Munthu wa njala sasewera nsolo. Amene matewera amuthera sangakhale pamphasa kuimba ndi amayi a Chigwirizano, asisita mwanena nokha za manyazi. Nyumba zambiri zimenezi zimadalira zopereka. Tikapita manja lendelende kuti tabwera kudzacheza, oyang'anira adzatiyang'ana bwanji?

Mwana wa ku Katete: Apo amayi mwalasa. Ndipo kunena zoona, chimene chimatilepheretsa ife kucheza ndi agogo si ulesi. Munthu mmodzi usambitse anthu ambirimbiri, uwadyetse, uwatembenuze ogona kuti asatuluke zilonda, uchape zofunda pamanja magetsi kulibe, madzi ukatunge. Pofika masana ulibe mawu otsala m'kamwa. Ndiye katundu abwere, koma mufunse kaye chimene chikusowa. Mabulangete mu Okutobala adzangolowa m'sitolo. Sopo, matewera a akulu, mafuta odzola, shuga, magolovesi, mabatire a wailesi, izi ndiye zimatha mlungu ndi mlungu.

Nabanda Msungichuma: Mabulangete ndiye ndinali nditapeza kale pamtengo wabwino. Chabwino.

Wa ku Kalingalinga: Pa za katundu ndiwonjezere ichi. Atate ndimawasiyira kandalama kochepa m'thumba la malaya. Sagula kanthu kwenikweni. Koma akatuma mnyamata uja kukagula chitumbuwa n'kumuuza kuti chenji sunga, nkhope imasintha. Kuli agogo ena aakazi kumeneko amene amakana kupita ku mapemphero chifukwa alibe chopereka, amati ndikaime bwanji pamaso pa Mulungu chimanjamanja. Munthu amene moyo wake wonse wakhala wopatsa, kulandira kokhakokha kumam'dwalitsa.

Wa ku Joni: Moni nonse kuchokera kuno ku Johannesburg. Ndawerenga zonse pa basi. Ine kubwera sindingathe, koma ndingathe kugula foni imodzi ndi kulipira mabandulo mwezi ndi mwezi kuti agogo aziyankhula ndi abale awo pa vidiyo. Zingathandize?

Mwana wa ku Katete: Zingathandize kwa amene ali ndi abale oti ayankhe. Chovuta n'chakuti foni ikalira kwa mmodzi, ena amene alibe wowaimbira amangoyang'ana pansi. Ndiye iziimbidwa kuchipinda, osati pakhonde. Komanso ikhale ndi tsiku lake lodziwika, monga Lamulungu masana, chifukwa theka la chisangalalo ndi kudikira. Agogo ena amayamba kufunsa mpango wawo wabwino kuyambira Lachisanu. Koma wolonjeza kuimba aimbe ndithu. Kulonjeza nkhalamba n'kusachita n'koipa kuposa kusalonjeza.

Asisita Opuma: Kwa oiwalaiwala vidiyo nthawi zina imawasokoneza, amafuna kumugwira munthuyo kapena amam'funafuna kuseri kwa foni. Kwa iwo mawu okha amakwana.

Malume a ku Matero: Pali chinthu chimodzi simunachitchule. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga bwanji palibe amene amapita ndi moto wake kumeneko? Nonse mukupita kukapereka. Pitani mukapemphe. Iwe wa ku Ridgeway, ukafune nzeru za mmene ungalankhulire ndi akuchikazi. Amayi a ukwati wogwedera akakhale pansi ndi ambuya amene anakhala pabanja zaka makumi asanu. Ana athu obadwira muno sadziwa kuphika chikanda, sadziwa kuluka mphasa, sadziwa ndi mfunda wa agogo awo. Aphunzitsi ali kumeneko angokhala.

Wophunzira wa ku Ridgeway: Za akuchikazi zidikire ndimalize sukulu amalume. Koma mfundo yanu ku Zimbabwe anaichita. Dokotala wa za maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench ku Harare: anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo, amakhala pa benchi panja pa kiliniki, anthu amabwera kudzakamba nawo mavuto awo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti odwala amene anacheza ndi alangizi a pa benchiwo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Kumeneko okalamba ndiwo akuchiza achinyamata.

Malume a ku Matero: Waona? Za ulere zija.

Mkulu wa Mpingo ku Chilenje: Ine mantha anga ndi amodzi. Gulu lino ndikulidziwa. Tinayamba chilimba chinafera panjira, tinayamba zoyendera odwala ku chipatala cha UTH tinapita mwezi woyamba basi. Phwando la tsiku limodzi n'losavuta chifukwa limatha. Izi mukukambazi zifuna munthu adzuke Loweruka, mvula ikugwa, misewu ya m'komboni yadzaza madzi, akwere mabasi awiri kukakhala ndi nkhalamba imene mwina tsiku limenelo sifuna kulankhula. Tikayamba n'kusiya, tidzakhala tawapweteka kuposa a Khirisimasi aja, chifukwa adzakhala atadziwa mayina athu.

Asisita Opuma: Ndiye tiyambe mochepa. Asalembetse anthu makumi atatu. Alembetse ochepa amene akudziwa kuti angathe, awiriawiri, nkhope zomwezo kwa agogo omwewo, kawiri pa mwezi. Wolephera auze mnzake nthawi ilipo. Ndipo pali malamulo amene sindigonja nawo: wa chimfine kapena wotsegula m'mimba asapite, tonse tikukumbukira mliri wa korona ndi kolera ya chaka cha 2024. Kusamba m'manja polowa. Osapatsa agogo zotsekemera musanafunse ngati ali ndi shuga. Osapereka mankhwala anu, kaya a m'botolo kaya a zitsamba. Zithunzi ayi, pokhapokha mwini wake atavomera, ndipo amene mutu wasokonezeka sangavomere, choncho ameneyo osam'jambula. Ndiponso musawatche ana anga kapena kuwalankhula mwachibwana. Funsani mfunda wawo, muziwaitana nawo.

Nabanda Msungichuma: Zithunzi ayi? Nanga opereka ndalama ndiwaonetsa chiyani?

Wa ku Joni: Malisiti amayi. Ine wopereka ndikuti malisiti andikwanira.

Mlembi wa Gulu: Ndayesa kutsatira, ngati ndaphonya mundikonze. Pa 1 Okutobala tipite anthu ochepa, opanda sipika, tikadziwane ndi oyang'anira ndi agogowo. Mawa ndiimba foni kufunsa zimene zikusowa ndi masiku amene amalola alendo, ndifunsanso ngati pali kamalo koti agogo ofuna angabzalepo repu ndi tomato. Za nkhuku sitinagwirizane, tivota madzulo. Ofuna kulowa m'gulu loyendera kawiri pa mwezi anditumizire uthenga kumbali, osati pano, kuti wina asalembetse chifukwa cha manyazi.

Naphiri wa ku Bauleni: Alembi, pa ndandanda imeneyo muganizireko ndi ife osunga odwala m'makomo. Wina atabwera kudzasenda nsawa ndi amayi kwa maola awiri okha, ine ndingapiteko kumsika mtima uli m'malo.

Asisita Opuma: Bauleni ndi pafupi ndi kwathu. Nditumizire nambala yako kumbali.

Malume a ku Matero: Nsolo ndili nayo ya thabwa la mukwa, ndibwera nayo. Koma ndikuchenjezeni, ine sindigonjera munthu dala chifukwa choti ndi nkhalamba. Mlamu wa ku Kasama abwere anyamule thabwalo, ndi lolemera.

Mlamu Wanu wa ku Kasama: Ndinyamula, koma mundilipira.

Nabanda Msungichuma: Mabulangete ndamuuza mwenye kuti asiye. Zitenje zokha ndinapereka kale theka la ndalama ndipo sabweza. Ndiye zipita ndithu, koma nditenga za mitundu yosiyanasiyana, aliyense akasankhe chake. A ku Kanyama ndi a ku Mandevu, ndikudikirabe.